Chida Chotsamira m'Chitsime cha Gasi

Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, ndipo za zitsime za mafuta a pansi pa nyanja sindinazifune. Zinachita kundipeza zokha kukhitchini kwanga ku Govanhill, mumzinda wa Glasgow, chaka chimene mwana wathu wamkazi anayamba nazale.

Amuna anga ankagwira ntchito pa nsanja zokumbira mafuta ndi gasi. Ankakwera sitima yapamtunda kupita ku Aberdeen, kuchoka kumeneko pa helikopita. Milungu itatu panyanja, itatu kunyumba. Viza yawo inali yomangirira ku kampani imene inawalemba, ndipo yanga ndi ya mwana zinali zomangirira ku yawoyo, ngati mbuzi zitatu pa chikhomo chimodzi. Ntchito ikanatha, tikanakhala ndi milungu yochepa yoti tipeze kampani ina yotivomera, apo ayi tilongedze.

Ntchito yawoyo anandifotokozera nditachita kuwaumiriza, chifukwa azimayi anzanga akandifunsa ndinkangoti amagwira kumadzi, ngati asodzi. Akuti akakumba chitsime amalowetsamo paipi yachitsulo, kenako amapopera simenti kuti idzaze mpata wa pakati pa paipiyo ndi mwala. Simenti ikapanda kugwira bwino, gasi amapeza njira kuseri kwa paipi n'kumakwera kumtunda kumene kuli anthu. Palibe amene angatsikeko kukaona ndi maso. Ndiye amatsitsa pa waya chida chachitali ngati mzati, chimene chimagogoda paipiyo ndi phokoso n'kumvetsera mmene ikuyankhira. Anatenga kapu yachitsulo n'kuimenya ndi sipuni, inalira ngwee. Kenako anaifumbata ndi dzanja lonse n'kumenyanso, inangoti gu.

"Ikalira, simenti palibe. Ikapanda kulira, simenti yaigwira."

Izi ndinazimva msanga. Bambo anga anali omanga nyumba, ndipo pulasitala tinkaiyesa pogogoda ndi chala.

"Koma chidacho chiziyenda pakati penipeni pa paipi," anatero. "Chili ndi masipuling'i opindika ngati uta amene amachigwira pakatipo. Akafooka, chimatsamira mbali imodzi, phokoso limabwerera lochepa, ndipo pepala la zotsatira zake limanama kuti simenti ili bwino pomwe mwina mulibe."

Ntchitoyo anawapezera ndi bambo ena a kwathu, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu, amene anabwera kuno ine ndisanathe ndi msinkhu womwe. Tonse tinkawatchula kuti Adadi, akazi awo Amami. Nyumba yawo ili ku Shawlands, dera lina la mumzinda womwewu. Popeza ankhoswe athu enieni ali kumudzi, Adadi ndi amene tinawapempha kuti akhale ankhoswe athu kuno. Ine ndinkawatsukira mapoto pakakhala alendo, ndinkawamanga tsitsi Amami Loweruka lililonse lachitatu. Sindikudandaula nazo, ndinkachita ndi mtima wonse. Ndikungofuna mudziwe kuti munthu amene ndikunena pano sanali wodutsa m'njira. Ndipo kuntchitoko, Adadi ndi amene anali bwana wa gulu la amuna anga.

Lachiwiri lina masana ndinamva makiyi pachitseko. Amuna anga anali atangotha masiku asanu okha panyanja. Analowa, kuponya chikwama pansi, n'kukhala pa sofa nsapato zili kumapazi.

"Kwagwanji?"

"Andiimitsa kaye."

Sindinapitirize. Ine ndi munthu wodikira. Mwamuna akabwera nkhope ili gwa sumuthira mafunso pakhomo. Ndinawatenthetsera chakudya, ndinawachapira maovololo awo onunkha girisi. Lachitatu chete, Lachinayi chete, ankangoyenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Lachisanu nditabwera kosiya mwana kunazale, ndinawapeza kukhitchini akuyang'ana ketulo yosayatsa. Ndinatenga anyezi n'kuyamba kudula.

"Bambo a mwana, ndadikira mokwanira. Nenani."

Ananena. Chitsime china chimene anachiyeza miyezi inayi m'mbuyomo chinayamba kuonetsa gasi kuseri kwa paipi. Palibe anavulala, anachitseka msanga. Gulu lina linatsitsamo chida chatsopano n'kupeza chigawo chachitali pomwe simenti sinagwire, pomwe pepala loyamba lija linkati zonse zili bwino. Akatswiri a muofesi atalionanso pepalalo anazindikira kuti chida chinayenda chotsamira. Amene anamanga chidacho tsiku limenelo anali amuna anga, ndipo dzina lawo linali pomwepo.

"Ndiye masipuling'iwo simunawaone?"

"Ndinawaona."

"Munawaona!"

"Ndinawafinya ndi dzanja, anali ofewa. Atsopano anali m'kontena ina yofunika kuisuntha ndi kireni, ndipo kireni inali pa ntchito ina. Tikanadikira theka la tsiku, nsanja yonse ili chiimire kudikira ife. Adadi anali ataitanidwa kale kawiri ndi eni chitsime."

"Munawauza Adadiwo?"

"Ndinawauza."

"Basitu, nkhani yatha. Anamva ndani?"

Anayang'ananso ketulo ija.

"Panali azungu awiri pomwepo. Ndiye ndinasendera pafupi n'kuwauza chapansipansi, m'Chichewa. Ndinati, Adadi, masipuling'iwa akundikayikitsa, bwanji tidikire enawo. Iwo anati, ntchitoyi ndinayamba iwe ukuyenda wopanda kabudula, tsitsa chida."

"M'Chichewa?"

"Umafuna ndiwachititse manyazi pamaso pa anthu? Munthu wamkulu ngati uja?"

"Nanga iwowo auza chiyani kampani?"

"Akuti palibe anawauza kanthu. Akuti kumanga chida ndi ntchito yanga."

Mpeni ndinauika pansi pang'onopang'ono. Kwathu amati akulu ndi m'dambo mozimira moto. Ife moto unayambira m'dambo momwemo. Koma ndisaname, mkwiyo wanga woyamba sunapite ku Shawlands, unagwera munthu amene anali patsogolo pangayo. Munthu wa madigiri awiri, wodziwa kumvetsera simenti ili makilomita pansi pa nyanja, n'kumanong'ona ngati mkamwini wopempha mchere kwa apongozi. Pansanja paja pamagona anthu ambirimbiri, ana a eni ake, ndipo iwo anaona kuti chofunika kuteteza ndi nkhope ya Adadi.

"Ulemu wanuwo tikaudyera kumudzi," ndinatero. "Mwana mukamuuze nokha kuti anzake a kunazale awatsanzike."

Ndinamaliza anyezi, ndinatsuka mpeni. Ndili pa sinki pomwepo ndinakumbuka khalidwe lawo. Amuna anga ndi munthu wolemba chilichonse, ngakhale tsiku limene mwana anamera dzino loyamba lili m'buku.

"Simunalembe penapake?"

Anachedwa kudzuka, koma anadzuka. M'chikwama muja anatulutsa kabuku ka m'thumba kamene ogwira ntchito panyanja amayenda nako, kachikuto kakuda, konona ndi girisi. Masamba onse anali manambala ndi Chingerezi chimene ine sindikanachitsata. Koma pa tsamba la tsiku limenelo, pakati pa manambala a m'mawa ndi manambala a masana, panali mzere umodzi umene ndinauwerenga popanda wondithandiza: "Masipuling'i ngofewa. Ndawauza Adadi tisanatsitse. Akuti tsitsa." Pambali pake panali nthawi yake. Ngakhale m'buku lawolawo anawabisa Adadi m'Chichewa, kuopa kuti mzungu angalitole.

Ndinakatenga kabukuko n'kukaika m'chikwama cha mwana cha kunazale, pansi pa zovala zosinthira. Msonkhano ndi akuluakulu a kampani unali woti uchitike Lachinayi lotsatira, ku Aberdeen.

Loweruka m'mawa amuna anga anati akukataya zinyalala. Anachedwa. Nditatsegula chitseko ndinamva mawu awo akuchokera pansi pa masitepe, mawu aja a kutchalitchi, ofewa. Ankaimbira Adadi foni, kuwauza za kabuku.

"Ndimafuna asadzadzidzimuke," anatero atakwera.

"Fisi mwamuuza khola limene lilibe chitseko."

"Iwe, ndi ankhoswe athu."

Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, Amami anandigwira dzanja n'kunena kuti abwera kudzationa masana. Anabweradi, onse awiri, akupuma wefuwefu ndi masitepe athu. Anatenga jumbo ya usipa wochokera kumudzi ndi chidole cha mwana. Ndinawalandira ndi manja awiri. Ndinaphika tiyi, ndinagwada powapatsa madzi osamba m'manja, monga ndinkachitira nthawi zonse. Mwana anawapatsa moni m'Chingerezi chake cha kuno, ndinamutumiza kuchipinda ndi chidole chakecho.

Adadi anayamba ndi pemphero. Linali lalitali, lodzaza ndi abale okhala pamodzi mwamtendere ndi lilime limene limayatsa nkhalango. Ine maso sindinatseke. Atati ameni anatembenukira kwa amuna anga.

"Mwana wanga, ife kuno tilipo ochepa. Chibale ndi fupa, sichiola. Nkhani ya m'nyumba sitiyanika pa msewu kuti azungu aione."

"Zoona, Adadi."

"Iwe ndiwe wachinyamata, ukagwa udzuka. Ine zatsala zaka ziwiri kuti ndipume. Ndikachoka ndi mbiri yoipa, ndani adzalowetsenso ana a kwathu pa ntchito zimenezi? Ukangovomera kuti sunaonetsetse, akuchenjeza chabe. Akakuchotsa, ine ndili ndi anthu, ndikuyankhulira kwina."

"Nanga akapanda kupezeka anthuwo?" ndinafunsa ine, ndili pansi pomwe ndinagwada paja.

Amami anaika kapu pa tebulo.

"Mayi, iyi ndi nkhani ya abambo."

"Pepani Amami. Koma masutikesi m'nyumba muno amalongedza ndi ine."

Adadi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene mwana wamuponda phazi.

"Mwana wanga wamkazi, za chitsime ukudziwapo chiyani? Izi ndi zinthu za sukulu."

"Sukulu ndilibe, Adadi. Koma ndikudziwa kuti masipuling'i akafooka chida chimatsamira, ndipo chikatsamira pepala limanama. Inu munazidziwa amuna anga akuyenda opanda kabudula, munanena nokha."

Amuna anga anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Adadi nkhope inasintha. Anasiya kundiyang'ana ine.

"Kabuku kaja tabweretsa ndikaone. Ndikufuna ndione mmene unalembera, mwina tingathandizane mawu."

Amuna anga anadzuka. Anadzukadi, anthu inu. Anapita pa chikwama chawo, anafufuza, kenako anakumbuka.

"Kali ndi mayi a mwana."

"Apatseni," anatero Amami.

"Ayi."

"Iwe, apatse angokaona," anatero amuna anga.

"Akaona Lachinayi, pamodzi ndi anzawo."

Kuchipinda mwana ankamveka akuyankhula ndi chidole. Kenako Adadi anayamba. Anati ndine mkazi wopasula. Anati anandilandira pabwalo la ndege ndikunjenjemera ndi kuzizira, ndilibe ndi jekete lomwe, Amami n'kuvula lawo kundiveka. Anati pakanapanda iwo bwenzi ndikugulitsa tomato m'mbali mwa msewu.

"Tomato ndinagulitsadi, Adadi, ndipo wowola sindinkamuika pansi pa mulu."

Ndinadzuka, ndinapita kuchipinda, ndinatsegula wadirobu. Jekete lija linalipo, lofiirira, ndinkalisunga bwino. Ndinalipinda, ndinabwera nalo, ndinagwadanso n'kuliika pa miyendo ya Amami ndi manja awiri.

"Zikomo kwambiri, linandithandiza."

Anatuluka tiyi asanamalize. Jekete analisiya pa sofa, usipa anautenga. Amuna anga anawaperekeza mpaka pansi, ndikumva "pepani Adadi, pepani Amami" pa sitepe iliyonse. Atabwerera sanandiyankhule, ndipo ine sindinawapemphe kuti andiyankhule. Tinatha masiku atatu tikudutsana m'kakhonde kathu kopapatiza ngati anthu okumana pa depoti. Chakudya ndinkawaikira pa tebulo, iwo ankadya, mbale ankatsuka okha. Kabuku kankapita kunazale m'mawa uliwonse n'kubwerako masana, aphunzitsi osadziwa chimene akusunga pa chikolowekero chawo.

Lachinayi ndinadzuka nawo limodzi, ndinamuveka mwana.

"Ukupita kuti?"

"Ku Aberdeen."

"Sakulola kulowa."

"Sindikufuna kulowa."

Ndinkadziwa kuti ndikawapatsa kabukuko ku Glasgow, Adadi akhoza kuwadikira pa siteshoni ndi mawu awiri okha, kabuku n'kupita. M'sitima tinakhala moyang'anizana, mwana akuwerenga nkhosa pawindo. Titafika pa geti la ofesi ndinatsegula chikwama cha mwana, ndinatulutsa kabuku n'kuwaika m'thumba la shati ndi dzanja langa.

"Ngati mukufuna kutuluka nako osakaonetsa, mundiuze pompano, ndiyambe kufunsa mtengo wa matikiti."

Galimoto ya Adadi inali itaima kale pabwalopo. Ine ndi mwana tinakakhala m'kanyumba kodikirira basi tsidya la msewu, mphepo ya kunyanja ikutilowa m'mafupa. Kenako tinapeza kamalo kogulitsa tiyi, ndinagula kapu imodzi n'kukhala nayo maola awiri, mtsikana wogulitsayo akundiyang'ana m'mbali. Mumtima ndinali nditapambana kale. Ndinkaganiza kuti akangowerenga mzere uja, amuna anga atuluka oyera.

Anatuluka ngati munthu wochokera kumanda. Kabuku anakaonetsa, zimenezo ndimawayamikira mpaka lero. Akuti anamasulira okha mzere uja, Adadi ali pomwepo, ndipo a kampani anaimbira munthu wina womasulira kuti atsimikize. Adadi anayamba ndi kukana, kenako anati mwina anamva koma phokoso linali lambiri. Koma mayi amene ankatsogolera msonkhanowo anatembenukira kwa amuna anga n'kufunsa funso limene ine sindinaliganizire.

"Ndiye kuti munkadziwa. Lamulo limalola aliyense pansanja kuimitsa ntchito akaona choopsa. Bwanji simunaimitse?"

Amuna anga akuti anayesa kufotokoza kuti Adadi ndi munthu wamkulu, ndi mkulu wa mpingo, ndi ankhoswe. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsanso funso lomwelo.

Kabuku kamene ndinakasunga ngati dzira kanawapulumutsa ku bodza la Adadi, koma kanawagwiritsanso mlandu wawowawo. Tinakwera sitima yobwerera. Ndinkafuna kukwiyira mayi uja, koma ndikaganizira ndinkapeza kuti funso lake ndi lomwe lija ndinafunsa ine kukhitchini, kungoti iye anafunsa mofatsa.

Kalata inabwera patatha mlungu umodzi ndi theka. Ndinaitola ndine pansi pa chitseko, ndinaiika pa tebulo osaitsegula mpaka eni ake atabwera kokayenda. Anawapatsa chenjezo lomaliza ndipo anawachotsa panyanja. Anawaika ku shedi ya kampani ku Aberdeen, kumene amakonza ndi kuyesa zida zisanapite kunsanja, malipiro otsikirapo, kubwera kunyumba Lachisanu madzulo kokha. Koma ntchito sinathe, ndipo viza inakhala. Ndinawerengetsa mzere umenewo kawiri. Adadi anachoka pa kampanipo mwezi womwewo. Kutchalitchi analengeza kuti apuma msanga chifukwa cha thanzi, anthu n'kuwaombera m'manja.

Ine ndi amene ndinakhala mfiti. Azimayi anandichotsa pa gulu lawo la pafoni popanda mawu. Pa ndandanda wa ophika pa zochitika dzina langa linasowa. Wina amene ndinamusungira mwana miyezi isanu ndi umodzi iye ali ku yunivesite anandiona m'shopu ya ndiwo zamasamba kuno ku Govanhill, n'kuyamba kuwerenga mwakhama zolembedwa pa paketi ya mpunga mpaka nditadutsa. Mawu amene ankayenda anali akuti mkazi wosaphunzira wagwetsa munthu wa Mulungu. Amuna anga ankapatsidwabe moni, ena mpaka kuwamvera chisoni kuti anakwatira moto. Iwo ankalandira chisonicho. Chimenechi chinandipweteka kuposa zonse, ndipo ndinawauza, osati kamodzi.

Amuna anga anati tisinthe mpingo, ulipo wina cha ku Gorbals. Ndinakana. Sindinabe kanthu m'tchalitchi muja. Lamlungu lililonse ndimavala chitenje changa, ndimakhala pa benchi yanga yomwe ija yachitatu, ndipo Amami akamadutsa ndimati, "Mwadzuka bwanji, Amami?" Amayankha khoma.

Mwezi wathawu anabwera akulu a mpingo awiri kudzatiyendera. Anati nkhaniyi yakhalitsa, ikuwononga umodzi. Anati Adadi ndi okonzeka kukhululuka, chofunika n'choti ine ndipite ku Shawlands ndikagwade ndikapepese chifukwa cha mawu anga ndi jekete lija. Amuna anga anali atakhala pambali panga, manja ali pa maondo. Ndinadikira kuti ndimve ngati anene kanthu. Sananene, koma ulendo uno sanatinso "zoona".

Ndinawauza akuluwo kuti kugwada sikundivuta, maondo anga anazolowera. Za jekete ndikhoza kupepesa, ndinachita ndi mkwiyo. Koma ayambe Adadi kuima pamaso pa anthu omwe aja anawaombera m'manja, anene kuti mwamuna wanga anawauza za masipuling'i chida chisanatsike, ndipo iwo anakana pamaso pa kampani podziwa kuti tikhoza kuthamangitsidwa m'dziko muno ndi mwana. Akanena zimenezo, ine tsiku lomwelo ndikwera basi ya ku Shawlands.

Akuluwo anayang'anana, anati akafikitsa uthengawo. Yankho silinabwere. Mwana wathu wayamba sukulu ya pulayimale kumapeto kwa msewu wathu womwewu, ndipo ankhoswe kuno tilibe.